Chamwamba, adyo, alovera kapena mafuta a oregano: chiti chimamangadi matumbo a broila?

Mwanapiye wa Cobb 500 kapena Ross 308 amaswedwa akulemera magalamu 40 ndi pang'ono, koma akafika masabata asanu kapena asanu ndi limodzi amakhala atadutsa makilogalamu awiri. Chakudya chomanga nyama yonseyo chimalowera m'matumbo. Ndiye alimi anzanga mukamafunsana ngati ndi bwino kuthira chamwamba, adyo, alovera kapena nimu m'chakudya cha nkhuku, funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti chinthucho chikukachita chiyani m'matumbomo, pa msinkhu uti, ndipo chikudyerani ndalama zingati.

Mkati mwa matumbo aang'ono si mosalala. Muli timinofu tosongoka tambirimbiri tothinana ngati ubweya wa thaulo, timene akatswiri amatitcha villi, ndipo timeneti ndi timene timayamwa chakudya chogayika n'kuchipereka ku magazi. Tikakhala tataliatali, malo oyamwira amachuluka. Patsinde pake pali timaenje momwe mumabadwira maselo atsopano olowa m'malo mwa otha, moti khungu lonse la m'katimo limasinthika pa masiku ochepa okha. Matumbo akavulala, timinofu timafupika, timaenje timazama, ndipo nkhuku imawononga chakudya chambiri pokonza m'mimba m'malo momanga chidali ndi ntchafu. N'chifukwa chake ochita kafukufuku akamayesa zitsambazi amayeza kutalika kwa villi n'kukuyerekeza ndi kuya kwa timaenjeto.

Sabata yoyamba ndiyo yofunika kwambiri. Pa masiku amenewa matumbo amakula mofulumira kuposa thupi lonse, ndipo chimene chimawadzutsa ndi chakudya kudutsamo. Anapiye amene achokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre m'katoni, n'kuyenda tsiku lonse pa minibasi, n'kukapeza khola lozizira, amakhala atayamba kale kutsalira, ngakhale kuti kachikasu ka dzira kotsalira m'mimba kamawasunga amoyo. Patatha maola 24 chifikireni, gwirani anapiye angapo mupapase chithokomiro. Pafupifupi onse, 95 pa 100 aliwonse, ayenera kukhala ndi chithokomiro chodzaza komanso chofewa. Pa tsiku la 7 azilemera kanayi kapena kupitirira poyerekeza ndi tsiku loyamba. Palibe tsamba lililonse limene lingabweze zimene zatayika pamenepa.

Nkhani ya zitsambayi inakula chifukwa cha maantibayotiki. Kuyambira cha m'ma 1950, alimi a ku America ndi ku Ulaya ankathira maantibayotiki ochepa m'chakudya tsiku lililonse kuti ziweto zikule msanga. Mabakiteriya atayamba kusamva mankhwala, Sweden inaletsa mchitidwewu mu 1986, mayiko a European Union anauletseratu kuyambira pa 1 Januwale 2006, ndipo America inaletsa kukulitsira ziweto maantibayotiki ofunika kwa anthu mu 2017. Zitatero, m'makola ambiri munabuka vuto la kuola kwa matumbo loyambitsidwa ndi mabakiteriya a Clostridium perfringens, ndipo makampani anayamba kufufuza zolowa m'malo. Kwathu kuno ambiri timathirabe maantibayotiki monga oxytetracycline m'madzi a anapiye osadwala n'komwe, moti nkhaniyi ikutikhudza. Koma zomera zimene zikutchulidwazi sizofanana mphamvu, ndipo zina n'zoti tingozisiya.

Mafuta a oregano, thyme ndi sinamoni

Awa ndi amene afufuzidwa kwambiri. Mu oregano ndi thyme muli carvacrol ndi thymol, mu sinamoni muli cinnamaldehyde. Mankhwalawa amaboola khungu la mabakiteriya ena oipa, komanso amathandiza kuti timadzi togaya chakudya tizituluka bwino. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mlingo umadziwika: kampani imayeza mphamvu yake, ndipo ambiri amathiridwa magalamu mazana ochepa pa tani yathunthu ya chakudya. Chifukwa mafutawa amauluka ndi kutentha kwa makina opangira mapeleti, ndiponso amayamwidwa msanga asanafike kumapeto kwa matumbo, opanga abwino amawakuta ndi mafuta olimba kuti azisungunuka pang'onopang'ono.

Kwa mlimi wa nkhuku 100 kapena 200 vuto lili pa kusakaniza. Magalamu 100 pa tani ndiye kuti magalamu 5 pa thumba la makilogalamu 50. Kusakaniza magalamu 5 ndi fosholo pa simenti kuti nkhuku iliyonse ilandire gawo lofanana n'kosatheka, pokhapokha mutayamba mwawasakaniza m'kilogalamu imodzi ya gaga, kenako imeneyo m'makilogalamu asanu, n'kumakwera choncho. Zotsatira za kafukufuku nazonso n'zosiyanasiyana: phindu limaoneka bwino pamene nkhuku zili pa mavuto, monga kutentha kapena matenda a m'matumbo, ndipo m'khola laukhondo nthawi zina silioneka n'komwe. Kwa ine, izi n'zoyenera opanga chakudya ndi mafamu akuluakulu amene ali ndi makina osakanizira. Ngati mumagula chakudya cha m'matumba, funsani ogulitsa ngati mulibe kale zoterezi musanawonjezere zanu.

Adyo, jinja, tumeriki ndi tsabola

Mphamvu ya adyo ili mu allicin, ndipo allicin amapangika pokhapokha adyo akaphwanyidwa. Sakhalitsa, ndipo moto umamuwononga. Choncho adyo wowiritsa m'madzi a nkhuku ndi fungo chabe. Wosinja kumene ndiye wamphamvu, pamene wouma wa ufa mphamvu yake imadalira mmene anaumitsidwira. Kafukufuku wambiri amayesa ufa wa adyo pa mlingo wosapitirira 1 peresenti ya chakudya, ndipo kangapo apeza villi atatalikirapo komanso mabakiteriya a E. coli atachepa. Ena sapeza kusiyana kulikonse.

Tiwerengere. Nkhuku 100 zimadya makilogalamu pafupifupi 400 kufika masabata asanu ndi limodzi. Pa theka la peresenti mufunika makilogalamu awiri a ufa wa adyo, ndipo kuti mupeze ufa umenewo mufunika adyo wamuwisi pafupifupi makilogalamu 6. Pitani pa msika mukafunse mtengo wake, muuyerekeze ndi mtengo wa nkhuku ziwiri kapena zitatu. Ngati simulima nokha, adyo wa nyengo yonse ya nkhuku sabweza ndalama yake kawirikawiri. Ndi bwino kumusungira masiku ovuta, monga posintha kuchoka pa chakudya cha anapiye (sitata) kupita pa cha nkhuku zokulirapo (gulowa).

Jinja ndi tumeriki amagwira ntchito mbali ina. Amalimbikitsa ndulu ndi timadzi togaya chakudya, ndipo curcumin wa mu tumeriki amachepetsa kutupa kwa khungu la m'matumbo. Pa tumeriki, theka la peresenti, kapena kuti magalamu 250 pa thumba la makilogalamu 50, ndi mlingo umene watulukapo bwino m'kafukufuku angapo. Kuwonjezera kwambiri sikuwonjezera phindu. Dziwaninso kuti curcumin ndi gawo laling'ono chabe la ufawo, ndipo ufa wina wa pa msika umakhala wosakaniza ndi zina. Amene muli ndi dimba, bzalani nokha.

Tsabola ndi nkhani yaifupi. Mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola mmene timamvera ife, n'chifukwa chake nkhuku zimatola kambuzi osatekeseka. Makampani ena amaika capsaicin, amene amawawitsa tsabola, pang'ono kwambiri m'zosakaniza zawo pofuna kuthandiza kugaya chakudya. Koma tsabola sachiza chitopa. Chitopa ndi vairasi, ndipo chitetezo chake ndi katemera, kaya wa LaSota kaya wa I-2, woperekedwa pa nthawi yake.

Chamwamba

Pa zonsezi, chamwamba ndi chimene chili pafupi ndi ife, chimamera chokha m'madera otentha monga ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi ndi Salima, ndipo sichifuna ndalama zakunja. N'chosiyananso ndi zinazo chifukwa ndi chakudya ndithu: masamba ouma amakhala ndi mapuloteni opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, kuphatikizapo kashiamu, ayironi ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A. Vitamini A ndi wofunika pa khungu la m'matumbo. Masambawa amachititsanso miyendo ndi khungu la nkhuku kukhala zachikasu, ndipo ogula ambiri amakonda nkhuku yooneka choncho.

Vuto limayamba mlimi akamva za mapuloteniwo n'kuganiza kuti wapeza cholowa m'malo mwa soya. Sichingatero. Soya wochotsedwa mafuta ali ndi mapuloteni opitirira 40 peresenti ndipo amagayika mosavuta, pamene masamba a chamwamba ali ndi ulusi wambiri, mphamvu yochepa, komanso ma tannin ndi ma saponin amene amamanga mapuloteni ena kuti asayamwidwe. Broila ili ndi matumbo aafupi ndipo chakudya chimadutsamo pa maola ochepa. Ilibe nthawi yolimbana ndi masamba ngati mbuzi. Kafukufuku wambiri amagwirizana pa mfundo imodzi: pang'ono chimathandiza kapena sichiwononga, koma mukapitirira pafupifupi 5 peresenti nkhuku zimayamba kudya mochepa ndi kukula mochedwa. Ine ndimalangiza 2 kapena 3 peresenti, ndiye kuti kilogalamu imodzi mpaka imodzi ndi theka pa thumba la makilogalamu 50, ndipo muyambe nkhuku zitatha masabata awiri. M'sabata yoyamba kamimba ka mwanapiye n'kakang'ono kwambiri moti kadontho kalikonse kayenera kukhala sitata weniweni wa mapuloteni 21 mpaka 23 peresenti.

Ntchito yake musaichepetse. Kuti muthire 3 peresenti kwa nkhuku 100 mufunika ufa woposa makilogalamu 10, ndipo masamba aawisi amauma n'kutsala gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Ndiye mukuthyola masamba okwana thumba lathunthu kulemera kwake, kuwapulula kuchotsa timitengo, n'kuwayanika. Ayanikeni pa mthunzi podutsa mphepo, mopyapyala, muziwatembenuza. Pa dzuwa lamphamvu amayezuka ndipo mavitamini amathawa. Akauma bwino amakhala obiriwirabe ndipo amafumbutuka mukawafinya m'manja. Akada, kapena akamanunkha chinyontho, atayeni osaumira.

Apa ndikufuna nditsindike, chifukwa ndi pamene ambiri amapweteka nkhuku zawo ali ndi cholinga chabwino. Masamba oyanikidwa m'nyengo ya mvula, m'chipinda chotseka, amachita chuku, ndipo zakudya za chuku zimawononga chiwindi, matumbo ndi chitetezo cha thupi. Poizoni wa aflatoxin, wochokera ku chuku, anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Chimanga chofumbwa ndi chowola chimene timati "n'cha nkhuku ichi" chikhoza kukhala ndi poizoni yemweyo. Kuthira chamwamba chabwino pa gaga wa chuku n'kutaya nthawi.

Lukina ndi chigwada amatchulidwanso ngati masamba a mapuloteni. Lukina ali ndi mimosine amene amabweza kukula m'mbuyo, ndipo chigwada chosafota ndi kuuma mokwanira chimakhala ndi cyanide. Pa broila, chamwamba chimaposa onse awiri.

Alovera ndi nimu

Awa ndiwo amene amathiridwa kwambiri m'madzi a nkhuku m'midzi ndi m'matauni momwe, ndipo ndi amene amandidetsa nkhawa. Tsamba la alovera lili ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pakati pali phala loyera loterera, lomwe lili ndi acemannan, ndipo kafukufuku wina wapeza kuti limathandiza villi ndi chitetezo cha m'matumbo, ngakhale kuchepetsako zilonda za coccidiosis, matenda a m'matumbo amene nthawi zina amatulutsa zitosi zamagazi. Koma pansi pa khungu lobiriwira pali utomoni wachikasu wowawa, wokhala ndi aloin, umene umatsegula m'mimba. Amene amangoduladula tsamba lonse n'kuliponya m'chomweramo amapatsa nkhuku zonse ziwiri. Zotsatira zake ndi zitosi zamadzi, utuchi wonyowa, fungo la ammonia lolasa m'maso, ndi zilonda za kuphazi. Utuchi wonyowa ndi wofunda ndiwonso malo amene mazira a tizilombo ta Eimeria, toyambitsa coccidiosis, amakhwimira pa tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala amene mumati ateteze matumbo akhoza kuitana matenda omwewo.

Ngati mwasankha alovera, imikani tsamba lodulalo kuti utomoni wachikasu utsike wonse, mulisende, mutsuke phalalo, muthire pang'ono. Madziwo asagone. Mu Okutobala chomweramo cha alovera chimayamba kuterera ndi kununkha dzuwa lisanapendeke, ndipo nkhuku ikachepetsa kumwa imachepetsanso kudya. Pa tsiku la katemera wa m'madzi musathiremo chilichonse cha izi.

Nimu ndingamusiye kunja kwa khola la mabroila. Ali ndi mphamvu yolimbana ndi tizilombo, inde, koma kuwawa kwake kumabweza nkhuku pa chakudya, ndipo akachuluka, makamaka njere zake, amavulaza chiwindi. Mphamvu ya masamba imasiyana mtengo ndi mtengo, nyengo ndi nyengo, moti "masamba odzaza dzanja pa ndowa" si mlingo. Nkhuku ya m'mudzi imene ikhale miyezi isanu ndi umodzi ikhoza kupirira masiku awiri osadya bwino. Broila ya masiku 35 ilibe masiku otaya.

Chimene ambiri sachiwerengera: ntchito ya nthutumba

Pali chowonjezera china chochokera ku zomera chimene sichigulitsidwa m'botolo, ndipo umboni wake ndi wolimba kuposa wa zitsamba zambiri: chakudya chokhakhala. Nkhuku ilibe mano, imagayira mu nthutumba. Chakudya chikakhala chosalala ngati ufa woyera, nthutumba imasowa chochita, imakhala yaing'ono ndi yofewa, ndipo chakudya chimangothamangira m'matumbo chosapukusika. Chikakhala ndi tizidutswa ta chimanga ndi ulusi wolimba pang'ono, nthutumba imalimba, imasunga chakudya nthawi yotalikirapo, asidi amachuluka, mabakiteriya ambiri oipa amafera pomwepo, ndipo mapuloteni amafika m'matumbo atayamba kale kugayika. Ku Ulaya ayesa kuthira makoko a oats 2 kapena 3 peresenti ndi tirigu wosagaya, ndipo zotsatira pa nthutumba zimaoneka mobwerezabwereza.

Kwa inu amene mumasakaniza nokha, zimenezi zikutanthauza kupempha wa chigayo kuti aike sefa ya mabowo akuluakulu pogaya chimanga cha gulowa ndi finisha. Keke ya mpendadzuwa yochepa imabweretsanso ulusi wotere. Sizikuwonjezerani ndalama iliyonse. Ndipo soya mumukazinge mpaka apse bwino, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zotsekereza timadzi togaya mapuloteni, ndipo amatupitsa kapamba. Soya wosapsa amawononga matumbo kuposa mmene adyo ndi tumeriki angawakonzere.

Kusankha

Amene mumagula sitata, gulowa ndi finisha wa m'matumba kwa opanga odalirika, chakudya chanu chinawerengedwa kale, ndipo nthawi zambiri mumakhala mankhwala oteteza coccidiosis monga salinomycin kapena monensin. Chilichonse chimene muwonjezera chimasungunula zimenezo. Tumeriki kapena adyo wa theka la peresenti sasokoneza kwambiri, koma ndowa ya masamba kapena gaga "wochulukitsira" amachepetsa mphamvu ya chakudya ndi ya mankhwala omwe. Amene mumasakaniza nokha ndinu amene mungapindule kwambiri, ndipo ndingayambe ndi kagayidwe kokhakhala ndi soya wakupsa, kenako chamwamba cha 2 kapena 3 peresenti, kenako tumeriki ngati mumalima. Kumbukirani kuti chakudya chanucho mulibe choteteza coccidiosis ngati simunachiike. Mukaona zitosi zamagazi, nkhuku zitazyolika nthenga zili nyankhalala, nthawi ya zitsamba yatha: itanani alangizi a ziweto, perekani amprolium kapena mankhwala ena amene akuuzeni, ndipo sungani masiku oletsa kupha olembedwa pa paketi.

Matumbo mukhoza kuwaona nokha. Pokonza nkhuku, musafulumire kuwataya kapena kuwapota pa miyendo. Atambasuleni pa thireyi, mudule kachigawo ka pakati motsata utali wake. Matumbo athanzi ndi okhuthala, m'kati mwake ndi mofiirira pang'ono, ndipo m'mbali modulidwamo mumapindikira kunja mokha nthawi yomweyo. Odwala ndi opyapyala, oonekera, otupa ndi mpweya, amangogona pansi mukawadula, ndipo m'kati mumakhala madzi, mamina a mtundu wa lalanje kapena tizidutswa ta chakudya chosagayika. Timizere toyera m'chigawo choyamba, chimene chimazungulira kapamba, ndi chizindikiro cha mtundu wina wa coccidiosis. Magazi m'timatumbo tiwiri totseka ta kumapeto ndi chizindikiro cha Eimeria tenella. Finyaninso nthutumba: yabwino ndi yaikulu ndi yolimba gwa. M'khola, chitosi chabwino ndi choumbika, chotuwira, chokhala ndi kachipewa koyera. Chija chofiirira chonata chimene chimatuluka apo ndi apo n'chochokera m'timatumbo tiwiri tija, ndipo si matenda.

Pofuna kudziwa ngati chowonjezera chikukupindulitsani, gawani khola pakati ndi waya. Anapiye akhale a katoni imodzi, chakudya chimodzi, kutentha kofanana, ndipo mbali imodzi yokha ndiyo ilandire chinthu chatsopanocho, chimodzi chokha pa ulendo umodzi. Sabata iliyonse yezani nkhuku zosachepera khumi mbali iliyonse, zogwira mwachisawawa osati zonenepa zokha, ndipo lembani chakudya chonse cholowa mbali iliyonse ndi nkhuku zofa. Pomaliza gawani makilogalamu a chakudya ndi makilogalamu a nkhuku zamoyo. Broila yosamalidwa bwino imafuna pakati pa kilogalamu 1.5 ndi 1.8 ya chakudya pa kilogalamu imodzi ya thupi. Ngati nambala imeneyi ya mbali ya chamwamba kapena ya adyo ndi yotsika kuposa ya mbali inayo, chotsani mtengo wa chowonjezeracho ndi wa aganyu othyola masamba, muone chotsala. Kenako bwerezani pa gulu lotsatira mutasinthanitsa mbali, chifukwa mbali ya kukhomo ndi ya kukhoma sizilandira mphepo yofanana.